Kukalambitsa Tayala

Lolemba, 10 Epulo

Tayala laphulika. Lakutsogolo, kumanja. Galimoto si yanga, ndi ya akunyumba. Ndilembe zimenezi poyambirira, mutu usadzandinamize m'tsogolo.

Anaigula mwezi watha atagulitsa puloti imene anawasiyira malemu bambo awo. Yokoka ndi matayala onse anayi, poti ntchito imene apeza ikufuna choncho: kuyendera zitsime ndi mijigo kutali, kumene msewu ndi mphekesera chabe. Wantchito abwere ndi galimoto yake. Kuyamba Lolemba likubwerali, m'mawa. Zaka zinayi ali pakhomo kudwazika mayi anga mpaka tinawaika m'manda. Ntchito yoyamba chichokereni ndi imeneyi.

Ine ndinangoti ndipite nayo ku ofesi kamodzi, kukaiyesa. Kuyesa chiyani sindikudziwa, ine ndi wolemba malipoti. Zoona zake ndimafuna a maakaunti andione. Andionadi. Ndikuwakupizira dzanja lonse pawindo, dzenje la pageti lija, lomwe ndimalizemba ndi mapazi tsiku lililonse, n'kundilandira. Phuu! A maakaunti anaomba m'manja.

Ndabwerera ndi kasipeya kowonda ngati kakuchokera kuchipatala. Akunyumba anayang'ana tayala, kenako ine, kenako tayala. Tayalalo analiyang'ana mwachifundo. Mawu awo onse: "Bambo a mwana, ine za matayala sindifunsa. Lolemba m'mawa ndikufuna galimoto." N'kupita kukasita.

Bola akanakalipa.

Lachiwiri, 11 Epulo

Kwa wa matayala, kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Anthu amamutcha Mneneri. Ndamvetsa chifukwa chake.

Chigamba sichingatheke, lang'ambika m'nthiti. Ndinati chabwino, ndigule limodzi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Ulaliki wake: galimoto yotereyi matayala ake amamverana, amayendera limodzi. Atatu akalewo anadyeka, anachepa pang'ono. Latsopano ndi lonenepa, lizizungulira mwaulesi anzake akuthamanga. Zitsulo za pansi zizivutika kuwayanjanitsa mpaka zitatopa. "Bwana, miyezi ingapo giyabokosi idzalira ngati mbuzi. Kenako inuyo." Mtengo wa giyabokosi anaunena monong'ona, ngati dzina la matenda oopsa.

Ndinafunsa za tayala lakale lofanana ndi anzakewo. Akuti tayala lakale lili ngati mwamuna wosudzulidwa, silikuuza zimene zinachitika kumene likuchokera. Komanso iye amagulitsa atsopano okhaokha, koma akuti zimenezo n'zongochitika.

Ndiye njira ziwiri. Yoyamba, kugula anayi. Ndinaseka. Iye sanaseke. Malipiro anga amamwalira pa 9 mwezi uliwonse, lero pa 11. Yachiwiri, kugula limodzi latsopano n'kulipala mpaka lifanane ndi akalewo. Kulipira chinthu chifukwa ndi chatsopano, kenako kulipiranso kuti chikhale chakale.

Ku yunivesite ndinalemba chibuku chonse cha digiri pa nkhani ya kufanana pakati pa anthu. Aphunzitsi anati mfundo zabwino koma sizingatheke. Lero ndapeza malo amodzi padziko lapansi pomwe zimatheka: kunsi kwa galimoto ya mkazi wanga. Njira yake ndi ya ku ofesi kwathu yomwe ija. Watsopano akabwera ndi mphamvu, mpaleni mpaka afanane nafe.

Ndagula limodzi. Lakuda bii, titsitsi ta mphira tili njoo m'mbali. Lagona pabalaza. Fungo ngati nsapato za sukulu tsiku loyamba.

Lachitatu, 12 Epulo

Kusaka makina opalira matayala. Mneneri alibe, "koma alipo, ndinawaonapo." Galaja yoyamba: anali nawo, anabwereketsa. Yachiwiri, ya amene anabwerekawo: akuti anabweza kalekale. Yachitatu: mwini wake anandikhazika pa benchi, kundipatsa madzi, kufunsa ngati kunyumba kuli bwino. "Achimwene, anthu amabwera kuno kudzalira kuti matayala atha. Inu mukulira kuti silinathe?" Anaitana oyandikana nawo adzandione. Wina anabwera ndi mkazi wake.

Tsiku lonse kugubuduza tayala m'misewu, ngati mwana wa mkalasi yoyamba koma wovala tayi. Mu minibasi kondakitala analilipiritsa mpando. Linakhala pawindo, ine pakati.

Ku ofesi ndinatumiza uthenga kuti ndikudwazika. Si bodza kwenikweni.

Madzulo akunyumba akuyesa nsapato zatsopano za kuntchito, kuyenda nazo m'khonde uku ndi uku kuti zifewe. Ankaganiza kuti sindikuona. Ankayimba chapansipansi. Zaka zinayi sindinamveko zimenezo. Ndinathawira kubafa, kutsegula mpopi.

Koma nsapato zija zandipatsa nzeru.

Lachinayi, 13 Epulo

Nzeru yake: chinthu chimakalamba ndi ulendo. Nanga ndani amayenda kuposa alamu a takisi, achimwene awo a akunyumba? Galimoto yawo imakoka ndi awiri akutsogolo basi. Ilibe tsankho, tayala lililonse imalandira. Manambala a saizi ndi omwewo, ndayang'ana ndi magalasi.

Alamu anabwera akutafuna kamtengo. Anamvetsera mpaka kumapeto. "Ndiye alamu, mukundipatsa tayala latsopano kuti ndilithe?" Eya. "Ulere?" Eya. "Mafuta?" Anga. Anavula chipewa. Akuti chibadwireni sanaonepo phindu la sukulu mpaka lero.

Kwa Mneneri anachotsa lawo limodzi n'kuliponya m'buti, kuvekapo langa. Lawolo analichotsa monyinyirika. Akuti anayi awo anagula pamodzi chaka chatha, ndi ana a mimba imodzi, sanasiyanepo.

Ndinaima pamsewu kuyang'ana tayala langa likupita. Mtima ngati tsiku lija tinasiya mwana ku sukulu yogonera komweko. Pang'onong'ono ndikanaliuza kuti lizimvera akuluakulu.

Mneneri wandibwereka kachitsulo koyezera kuya kwa mizere ya tayala. Chikole: wotchi yanga.

Galimoto ya akunyumba yaima pansi pa mtengo ndi kasipeya kake, ngati munthu wovala nsapato phazi limodzi, linalo patapata. Eni ake atamva kuti tayala lili kwa achimwene awo anaima ndi kapu m'manja. "Achimwene ake ati?" Ali nawo amodzi okha.

Lachisanu, 14 Epulo

Foni kwa alamu m'mawa. "Likuyenda bwanji?" "Likulimbikira, alamu." Masana chimodzimodzi. Akuti ndisamaimbe kwambiri, lingadziwe kuti likuyang'aniridwa.

Nthawi ya chakudya ndinakumana nawo poimikira matakisi kuti ndiyeze. Kugwada pakati pa anthu, kachitsulo m'manja, tsaya pafupi ndi phula. Palibe chasintha. Ngakhale titsitsi tija tikadali njoo. Mayi wina wogulitsa nthochi anadikira mpaka nditadzuka, n'kupempha kuti ndikamaliza kupempherera galimoto ndidzapempherereko ndi dengu lake.

Ndawerengera pa kompyuta ya ku ofesi. Pa liwiro limeneli tayala lidzafanana ndi anzake chaka chamawa. Ndinajambula tchati chamitundumitundu. Abwana anadutsa, anaima, anati ntchito yotamandika, ndichiike mu lipoti la mwezi uno. Sanafunse kuti ndi cha chiyani. Ndachiika.

Malangizo atsopano kwa alamu: mabuleki adzidzidzi, makona mothamanga, misewu ya miyala. Achita mokhulupirika. Abusa ena anatsikira panjira, akuti apitiriza wapansi, Ambuye sanawaitane lero.

Mafuta amene ndathira kale sindikufuna kuwaganizira. Mkate mawa theka.

Akunyumba alongedza chikwama. Nyali, chipewa cha dzuwa, mankhwala a udzudzu, chithunzi cha mwana. Amadutsa pa galimoto osaiyang'ana, ngati mmene ankadutsira pa chitseko cha chipinda cha mayi masiku oyamba titaika maliro.

Alamu potsazikana madzulo: "Siyirani ine, alamu. Ndili ndi munthu." Mawu amenewa m'banja muno sanabalepo zabwino. Ndinawamva bwinobwino. Ndinavomera chifukwa ine munthu ndinalibe.

Lamulungu, 16 Epulo

Dzulo sindinalembe. Foni ya alamu yozima tsiku lonse. Ndinatsuka mbale zonse, ndi zotsukatsuka zomwe.

Lero masana tayala labwerera. Sindinalizindikire.

Munthu wa alamu uja ndi wowotcherera mageti. Ali ndi makina opalira zitsulo, ndipo sakonda kusiya ntchito pakati. Dazi lenileni, see! Munthu akhoza kumetera ndevu poyang'anapo. Mbali ina timawaya tikusuzumira. Kuzungulira kwakenso n'kokayikitsa: ndinaligubuduza pabwalo, linayenda motsimphina, n'kugona chammbali ngati latopa ndi moyo.

Alamu monyadira: "Munati likalambe. Simunanene kuti lifike zaka zingati."

Ndinalinyamula pamutu mpaka kwa Mneneri. Mneneriyu Lamulungu amagwira ntchito. Anayeza, kachitsulo sikanapeze poti kalowe. Chigamulo: tsopano atatu aja ndiwo atsopano mopitirira. Njira ziwiri. Kugula anayi, kapena kupala atatuwo afanane ndi ili. Ananena nkhope ili gwa. Wotchi yanga pamkono pake, ikumukhala.

Pobwerera ndinayenda pang'onopang'ono. Puloti ya bambo awo. Zaka zinayi za mabeseni ndi nsalu zonyowa, mayi anga akuwatukwana osawazindikira, iwo akungoti pepani mayi, tsegulani pakamwa. Ine malipiro ake ndi awa, tayala ladazi pamutu. Ndinakonza mawu oti ndikanene. Abwino ndithu, oyamba ndi mbiri ya vutoli.

Mpata sanandipatse. Ndinapeza akunyumba akuzungulira takisi ya achimwene awo ngati wogula ng'ombe. Kugwada, kukhudza, kuwerenga manambala. Lija la m'buti alamu anali atalibwezeretsa kale pamalo pake. Kenako: "Achimwene, jeki ili kuti? Onse anayi." Alamu anayamba za ukulu wawo, kuti iwo ndi amene ankawabereka kumbuyo ali khanda. "Ndiye munazolowera kundinyamula." Nkhani inathera pomwepo.

Anayi ofanana, saizi yomweyo. Akhala akuima pageti panga masiku onsewa, akuliza hutala. Ndinayesa kufotokoza kuti limodzi linapumako m'buti, choncho mwasayansi pali kakusiyana. Anandiyang'ana. Sayansi inatha.

Mneneri anaitanidwa ndi zitsulo zake kudzasinthanitsa. Anayeza onse anayi, anayezanso, n'kuvomereza mwachisoni, ngati dokotala amene wodwala wake wachira asanalipire. Takisi ya alamu yalandira atatu athu abwino aja, kuphatikizapo Dazi. Alamu nkhope yolira, koma ndinawaona akusisita limodzi mwa atatuwo mobisa.

Ntchito yanga pa zonsezi: kugwira mabawuti m'chipewa. Sindinataye ngakhale limodzi. Palibe anayamika.

Lolemba, 17 Epulo

Apita.

Makiyi anali nawo kale. Nsapato zija kumapazi. Galimoto inabwerera chambuyo mpaka pageti, mwakachetechete, yosalira ngati mbuzi kapena nyama ina iliyonse. Anatsitsa galasi. Ndinati basi, mawu onse amene asunga sabata ino akubwera tsopano, ndinaweramitsa mutu kuti ndiwalandire. Anangondikonza kolala. "Muzidya, bambo a mwana. Ndipo musagule kanthu kalikonse mpaka ndibwere."

M'nyumba zii. Tiyi ndinapanga makapu awiri.

Masana foni ku ofesi. Afika. Msewu woipa zedi, galimoto sinadandaule. Awapatsa mapu, mabotolo oyezera madzi, ndi anthu awiri oti aziwatcha abwana. Ankalankhula mothamanga, kuseka mawu asanathe, ngati akadali mtsikana uja anandilanda malo pamzere wa ku laibulale kalekale. Ine mm, mm, ndikupukuta m'maso. A maakaunti anafunsa ngati ndi uthenga wa maliro. Ndinati ayi, chimfine.

Madzulo hutala pageti. Alamu. Apolisi awaimitsa chifukwa cha Dazi, awapatsa mpaka mawa. Akuti nkhani ndi yaing'ono, galimoto yawo si yamatama ngati ya achemwali awo, ikufuna limodzi lokha. Latsopano. Poti woyambitsa ndine. Ndawauza kuti ndaletsedwa kugula kanthu, ndipo akudziwa amene wandiletsa. Anaganiza pang'ono, anavomereza kuti zoona, pamenepo palibe angathandize.

Koma sanabwere okha. Pampando wakumbuyo bambo wina wodekha, thumba la zida pamiyendo. Wosema zitseko. Akuti mizere imene inachoka ikhoza kubwerera, iye wasemapo zovuta kuposa apa. Ndikulemba pano ndikuwamva akutsitsa Dazi pakhonde. Wosemayo wagogoda pawindo, akufunsa ngati ndikufuna mizere wamba kapena yamaluwa, poti yamaluwa ndi imene imakwera mtengo.