Bondo Lokana Kugwada

Lolemba, 7 Okutobala 2024
Dzuwa la Feira lero, mayo ine! Pamsika wina wakuwa, "Iwe Mlongoti, tiponyereko nsomba m'dengu!" Aseka onse. Ine amene ndinkasewera basiketibo ya malipiro ku Maputo. Masizoni awiri chabe, basi kwatha.
Genoveva akali kwa makolo ake ku Mphuka ndi mwana wathu Arlete. Anathawa mowa wanga. Mowawo ndaleka, koma nyumba ili zii.

Lachitatu, 9 Okutobala
Ndinapita ndi amalume a Mwizenge kukapempha kuti mkazi wanga abwerere. Zaonongeka. Amalume anagwada, naomba m'manja. Ine ndinaomba choimirira, mutu ukukhudza udzu wa pakhonde. Bondo lamanzereli silipindika chiikireni chitsulo madokotala, koma wodziwa ndi Genoveva yekha, ndipo ndinamulumbiritsa kuti asanene. Anthu ndimawauza kuti mpira ndinausiya mwa kufuna kwanga. Ndiye chake thalauzi lalitali lobisa chipsera, kutenthe bwanji.
Apongozi anauza amalume, "Wanuyu akutiyang'anira pamwamba." Loweruka akulu akhala pansi, athetse ukwati. Genoveva sanatuluke n'komwe.

Lachinayi, 10 Okutobala
Ndayesa kugwada m'nyumba. Ndagwa pamodzi ndi mpando. Ndalira, sindibisa.

Lachisanu, 11 Okutobala
Botolo la mowa ndangolinunkhiza.

Loweruka, 12 Okutobala
Ndinavala kabudula wa timu. M'thiraki yopita ku Mphuka, onse maso pa chipsera changa, manyazi ngati ndili maliseche. Amalume anangoti "Ha!" nagwira pakamwa.
Tinapeza akulu atakhala kale pansi pa mtengo wa masau. Ndinagwira thunthu lake, kutsika pang'onopang'ono, mwendo uli wowongoka ngati nkhafi, mpaka ndinagona utali wanga wonse m'fumbi. Ndinaomba m'manja chogona. Wina anaseka, anzake anamudzudzula.
Apongozi anayang'ana bondolo nthawi yaitali. "A Mwizenge, nanga mwanayu osanena bwanji?"
Manje kudzuka, kwandikanika. M'bwalo la masewero ukagwa mnzako amathamanga kudzakupatsa dzanja, koma kuno ndani? Ndili gone, thukuta m'maso, ndinaona dzanja lakuda ndi utsi wa nsomba.
"Gwirani, atate ake Arlete," anatero Genoveva. "Koma pang'onopang'ono, mungandithyole msana."