Chidindo Cholowera

Lolemba, 18 Ogasiti 2025, Cuamba

Matumba ena asanu a nandolo alowa m'chipinda changa lero. Matiresi ndapinda pakati. Mabuku pamwamba pa thumba, nsapato pazenera. Fungo la nandolo mpaka m'tsitsi.

Dona Rabia, eni nyumba, sanandinamize. Pondipatsa chipindachi mu Febuluwale ananeneratu: “Muno ndimasungamo mbewu, mwanangu. Nandolo akayamba kubwera, iwe upeze kwina.” Ndinavomera ndikumwetulira, Ogasiti ankaoneka kutali. Lero ndi uyu. Andipatsa mpaka pa 31.

Kusukulu amata pepala pakhoma la sekretariya, ofesi ya sukulu. Ku lari, nyumba yogona ophunzira, kwapezeka mabedi atatu a ophunzira ochokera kunja kwa dziko. Osalipira, bungwe lina la mpingo ndilo likulipira. Kutseka kulandira mafomu Lachisanu pa 29, 12 koloko masana. Ochokera kunja tilipo asanu ndi awiri. Ine wa ku Chiponde ndili momwemo. Koyamba m'moyo kuti kubadwira ku Malawi kundipindulire kanthu kuno ku Mozambique.

Bedilo likandiphonya, basi. Lendi ya m'tauni muno siyanga. Kubwerera kwathu ndi theka la chaka la maphunziro a zaulimi m'mutu, anthu akundifunsa kuti digiri ili kuti. Ayi ndithu.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Ndatenga fomu. Masamba anayi, Chipwitikizi cha m'maofesi, chija chosalankhulidwa pamsika. Nádia, mnzanga wa m'kalasi, wandithandiza mawu ovuta. Akufuna kalata ya sukulu, zithunzi ziwiri, kalata ya a sekretariyo a dera lomwe ndikukhala, ndi pasipoti.

Zithunzi zatuluka ngati za munthu wogwidwa akuba mbuzi.

A sekretariyo kulibe, akuti ali kumaliro ku Mecanhelas. Ndapitako kawiri. Fumbi, dzuwa, galu wawo wandizolowera kale.

Sindikutha kukhala pansi. Ndachapa zovala zoyera kale.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Kalata ya a sekretariyo yapezeka m'mawa. Ndathamanga nazo zonse kusukulu, mtima uli m'malo, ndikudziona kale pabedi.

A Jacinto, mlembi wa ku sekretariya, bambo wodekha wa magalasi omangidwa ndi ulusi, anatsegula pasipoti. Tsamba loyamba. Lachiwiri. Mpaka lomaliza. Anabwereranso kuyambira kumapeto. Kenako: “Menina Tadala, m'dziko muno munalowa bwanji? Munagwa ndi mvula?”

Mulibe chidindo ngakhale chimodzi. Pasipoti yoyera ngati yogula dzulo.

Ndawauza zoona. Ndinalowa mmene timalowera tonse. Kanjira ka kuseri kwa mango a kwathu, kuwoloka kamtsinje, kudutsa m'munda wa malemu agogo, kutulukira kumsika wa Mandimba. Ine ndi amayi, matiresi panjinga, tikukankha. Kanjira kameneko ndayendamo kuyambira ndili kumbuyo kwa amayi. Munda wathu uli tsidya lino, chigayo timapita tsidya lino, sopo timagula tsidya lija. Chipata cha pamalire ndinkachiyesa cha malole ndi anthu a masutikesi. Pasipoti ndinaipanga chifukwa sukulu inkafuna nambala yake polembetsa. Kuti imafunanso kudindidwa, ndani anandiuza? Safunsa anadya phula.

A Jacinto sanaseke. Bola akanaseka. Akuti a bungwe akufuna tsamba la chidindo cholowera, umboni woti ndine wochokera kunja. Popanda chimenecho fomu siyenda. “Papepala, inu simunafike,” anatero. Miyezi isanu ndi umodzi ndikumwa fumbi la Cuamba, mayeso anayi ndakhoza, koma sindinafike.

Ndatuluka mutu utaima. Ndakhala m'mbali mwa njanji mpaka sitima ya malasha yonse yadutsa.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Ukali wokhawokha. Pa ndani, sindikudziwa. Pa ine.

Nádia akuti kuseri kwa siteshoni kuli munthu wodziwa kusema zidindo pa labala ya patapata. Ndinaganizirapo mpaka masana, ndisaname. Kenako ndinaona nkhope ya amayi akumva kuti ndili m'chitokosi. Ayi.

Njira ndi imodzi. Kubwerera kwathu, kenako kulowa bwinobwino pachipata ngati munthu wa sutikesi. Koma Lachiwiri kuli mayeso a za nthaka, sindingachoke Lachitatu lisanafike. Kupita Lachitatu, kudinditsa Lachinayi, kubwera tsiku lomwelo. Malo opumira palibe.

Matumba ena atatu. Chitseko sichikutsegukanso chonse, ndikulowa chammbali.

Loweruka, 23 Ogasiti

Ndaimbira amayi. Ndimayesa aseka. Ndawafotokozera za chidindo mpaka kumapeto, sanaseke.

Kenako: “Ndiye ukufuna akulembe kuti ndiwe mlendo? Kwa agogo ako?”

Ndayesa kufotokoza kuti ndi za bedi chabe. Iwo: “Bambo anga agona ku Ngauma. Mchombo wanga uli ku Ngauma. Mwana wanga akalipire njinga yamoto kuti akamuuze kuti ndi mlendo.” Foni thi.

Zimandipweteka chifukwa sakunama. Anathawa nkhondo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, wapansi, kuchokera kufupi ndi Massangulo, ku Ngauma komweko. Anakulira ku Chiponde, anakwatiwa komweko, ine n'kubadwa. Anzawo atabwerera nkhondo itatha, iwo anatsala chifukwa cha banja. Chiphaso cha kuno alibe. Koma ukawafunsa kwawo, sanenapo Chiponde ngakhale kamodzi.

Ine kwathu n'kuti? Funso la anthu okhuta. Ine ndikufuna pogona.

Lolemba, 25 Ogasiti

Anankafumbwe m'kope la za nthaka. Awiri m'kapu.

Dona Rabia andibweretsera tiyi ndi mandasi, akuyang'ana kumbali. Akuti lole ya ogula ikuchedwa ndipo alimi akubwerabe ndi matumba, sangawabweze. Sindikuwada. Ndikungofuna wina woti ndimude.

Amayi sakuyankha foni. Kawiri.

Ndawerenga tsamba limodzi kasanu. Palibe chalowa.

Lachitatu, 27 Ogasiti, Chiponde

Mayeso adutsa, kaya bwanji.

Chapa, minibasi ya kuno, inanyamuka mochedwa, maola atatu ndi theka, bondo la munthu pamsana panga njira yonse. Pa Mandimba ndinatsika n'kulowa kanjira kathu komweko. Nanga ndikanatulukira pachipata bwanji, munthu woti sanalowe? Ndinaseka ndekha pakamtsinje. Madzi aphwa, mchenga wokhawokha. M'munda mwa agogo amayi asosa kale theka.

Ndawapeza akutongola chimanga pakhonde. Moni wayankhidwa bwino. Za bedi, za pasipoti, osatchula. Andifunsa ngati ndikudya, andiuza kuti mbuzi yaswa awiri. Ndakhala nawo pamphasa tikutongola mpaka zala kuwawa. Ndinayamba kuti, “Amayi, mawa…” Iwo: “Dengu ladzaza, tenga lina.”

Ndikanakonda andikalipire. Chete wawoyu akundidya.

Lachinayi, 28 Ogasiti, Mandimba, m'chapa yosadzaza

Ndadzuka amayi atachoka kale. Khasu palibe. Ndinati basi, apita kumunda osanditsanzika. Ndinalira pang'ono ndikumanga nsapato, kenako ndinadzikalipira.

Ofesi ya mbali ya Malawi: mzere wa madalaivala, chidindo chotulukira, phaa. Njinga yamoto mtunda wonse wa pakati pa zipata ziwirizi, msewu womwe ndimauona patali moyo wanga wonse koma osayendamo. Mango a kwathu ndinawaona kumanzere, aang'ono.

Mbali ya kuno ndinapereka pasipoti ndi kalata ya sukulu. Wapawindo anandiyang'ana nthawi yaitali. “Iwe si mwana wa mayi Anastaziya, unkagulitsa nthochi pamsika uja?” Ndinavomera. Anapukusa mutu, anawerenga kalata yonse, anandifunsa mafunso, anandiuza mapepala ena oti ndikakonze ku Cuamba mwezi usanathe. Kenako phaa. “Bem-vinda a Moçambique.” Kundilandira ine.

Nditatuluka pachipata, pansi pa mtengo wa ogulitsa mafuta a m'mabotolo, amayi. Khasu pambali, mapazi ali mbuu ndi fumbi la kanjira. Anafika kale ine ndisanafike, opanda pepala lililonse. M'khwapa nkhuku yamoyo yomanga miyendo, m'manja kamtolo ka chitenje.

Anaimirira, anawerama pang'ono ngati akulandira apongozi. “Takulandirani alendo. Mwayenda bwanji? Kwanu n'kwabwino?” Anthu a mafuta aja kuseka. Ine kuseka ndi misozi pamodzi. Nkhuku anandipatsira m'manja: “Kwathu kuno mlendo sachoka wopanda nkhuku.” Kamtolo akuti ndisamasule mpaka nditapeza pogona.

Sanadikire chapa. Akuti dzuwa likukwera, munda sudzisosa wokha.

Tsopano 3 koloko. M'chapa tilimo anthu asanu ndi nkhuku. Dalaivala akuti sanyamuka isanadzaze. Ndatsika, ndakwera, ndatsikanso.

Lachisanu, 29 Ogasiti, Cuamba

Sinadzaze. Tinagona pa Mandimba, ine kwa msuweni wa amayi. Yanyamuka m'mawa, kuima paliponse, matumba a makala, njinga padenga, tayala kuphwa kamodzi. Ndafika pa sekretariya 11:25, thukuta, fumbi mpaka m'nsidze, nkhuku m'khwapa chifukwa kopita nayo kunalibe nthawi.

A Jacinto anayang'ana nkhuku, anayang'ana ine. “Imeneyo ikhale panja. Anthu angaganize zina.” Manyazi. Ndinaimangirira ku njinga ya munthu.

Anatsegula pasipoti. Chidindo chilipo, chofiirira, chopendekeka. Anaika chala pa deti. “Mwalowa dzulo. Koma kaundula wanga akuti mwakhala m'kalasi kuyambira Febuluwale.”

Zimenezi sindinaziganizire n'komwe. Ulendo wonse uja, kukangodzipangira umboni wondigwira.

Ndinati ndinene chiyani? Ndinawauza zonse, kanjira, chipata, amayi. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya. “Munapita kwanu Lachitatu?” Inde. “Mwabwera Lachinayi, pachipata?” Inde. Analemba mizere itatu kumbuyo kwa fomu, zomwe ndinanenazo ndendende, osachotsa kanjira, n'kundisainitsa. Akuti a bungwe aweruze okha, iwo bodza salemba. Fomu inalowa m'kabati 11:50.

Mayina atuluka Lolemba. Chipinda chitha Lamulungu.

Lamulungu, 31 Ogasiti

Ndatuluka. Katundu kwa Nádia, pansi pa tebulo. Iwo amagona anayi m'chipinda, ine wachisanu, masiku awiri okha, mayi ake anena momveka.

Nkhuku ndapereka kwa Dona Rabia. Anaitana mnansi wawo kudzaichinja mwa Chisilamu, anaphika ndi mpunga, tinadya awiri titakhala pa matumba omwe andithamangitsawo. Ntchafu zonse anandipatsa ine. Akuti mlendo ndi mame. Ndinawayankha kuti mame ake akhalitsa.

Kamtolo sindinamasule. Pogona sindinapeze.

Lachiwiri, 2 Seputembala, ku lari, chipinda 6

Dzina langa lachitatu pa atatu. Ndinaliwerenga ndi chala, ndinachoka, ndinabwerera kukaliwerenganso.

Bedi lachitsulo, lolira ukatembenuka. Zenera loona phiri. Chitseko chotseguka chonse. Mnzanga wa m'chipinda ndi wa ku Tanzania, tikulankhulana ndi manja ndi Chipwitikizi chothyokathyoka. Pachitseko alemba ndi choko: Estrangeiras. Alendo.

Masana ano ndamasula kamtolo. Mtedza wokazinga. Sopo. Pansi pake kapepala ka pulasitiki ka shuga, kopindidwa kanayi. M'kati kakhadi kachikasu, kothetheka m'mbali, inki yofufuma. Khadi la ubatizo. Massangulo, 1975. Anastásia, filha de Filipo. Dzina la amayi, mwana wa Filipo.

Sindinalionepo chibadwire. Ndiye kuti anathawa nalo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Zaka zonsezi lili m'nyumba mwathu, kaya pati.

Nádia waliona, akuti ndi limeneli amayi angayambire kupeza chiphaso chawo, ndipo mwana wa mayi wa kuno akhoza kupempha kukhala nzika ya kuno. Kenako anayang'ana choko cha pachitseko. Bedi ili ndi la alendo, ndikakhala nzika ndalitaya.

Ndaimba. Ayankha kulira koyamba. Ndawauza za bedi, akuti zikomo Ambuye. Ndafunsa za khadi. “Sindikukukakamiza. Gona kaye, phunzira. Tsiku ukadzatopa kukhala mlendo, pepala ndi limenelo.” Kenako za mbuzi, akuti kamodzi sikakuyamwa bwino.

Ndalibwezera m'pulasitiki yake. M'sutikesi ndilibe loko, m'kope mungalowe madzi. Ndaliika pansi pa matiresi, pakati penipeni, pasipoti pambali pake.

Zaka zitatu ndi theka kuti ndimalize. Amayi ali ndi zaka makumi asanu, ndipo kanjira kaja kamtsinje kake kakadzaza amawoloka madzi ali m'chiuno, poti pachipata sangadutse opanda chiphaso.

Ndayala bedi. Ndakhalapo. Ndaimirira. Ndakwezanso matiresi kuona ngati khadi lilipo.