Kaufiti M'mapira a Bambo

Lachitatu, pa 13 Novembala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja ukupezako bwino. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi. Foni yanga mwasiya kuyankha, achimwene nawo akangomva mawu anga amadula, n'chifukwa chake ndapatsira kalatayi kondakitala wa basi kuti akupatseni pamanja. Chonde muiwerenge yonse musanayatsire moto.

Mukudziwa kuti kuntchito kwathu koyeza mbewu timatumba timabwera ndi nambala basi, popanda dzina la mlimi, kuti woyeza asakondere. Koma mfundo yanu ndingaisowe ine? Ndaninso wina amamanga kathumba ngati akumanga mbuzi yothawathawa? Nditangokaona patebulo ndinaseka ndekha. Ndinati lero ndiyeza mapira a bambo anga, munthu amene kalabu yonse ya alimi inamusankha kuti aichulukitsire mbewu.

Ndinasefa mapirawo monga timachitira, fumbi logwera pansi pa sefa n'kuliika pakagalasi, kenako pamakina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Bambo, m'fumbimo munali njere zina.

Poyamba ndinadzinamiza. Ndinati ndi za fodya, poti m'shedi muja munkasungamo fodya. Koma njere ya fodya ikakulitsidwa imakhala yonenepa, khungu lake lolukana ngati ukonde. Izi zinali zazitali, zosongoka mbali imodzi, mizere yake yopotana ngati chingwe, pamizerepo pali tiziphuphu. Ndinatenga botolo la njere za kaufiti lomwe timasunga kuti tizifananitsira, n'kuziika pambali pake. Zinali mapasa.

Ndinaitana mnzanga wa tebulo loyandikana, timamutcha Kadzidzi chifukwa cha magalasi ake aakulu. Sindinamuuze mwini wake. Anasuzumira kamodzi kokha, nati, "Mayo ine! Muli kaufiti tho umu. Mwini wake akagawira anthu, wapha minda yawo yonse." Ndinatuluka kukalirira kumpopi.

Nditakuimbirani munati, "Ndinapeta ndekha, maso angawa sanaone kanthu. Ndinakuphunzitsa kuti udzandivule pagulu?" Achimwene analanda foni, nati, "Iwe, tangolemba kuti zili bwino. Akakutsutsa ndani pa nkhani ya fumbi?"

Simunaname, Bambo, munapetadi bwino. Koma lichero silingachotse kanthu kochepa ngati nsonga ya singano. Ndikuganiza kuti zinabwera ndi matumba amene munabwereka kwa aneba akutsidya, omwe munda wawo umachita kufiira ndi timaluwa tija. Mpaka pano mlandu si wanu. Mukagawa mutadziwa, udzakhala wanu. Kaufiti amayamwa mizu ya mapira ndi chimanga ali pansi osaoneka, ndipo njere zake zimadikira m'nthaka zaka zambirimbiri. Taganizirani amayi amasiye aja a m'kalabu, omwe ali ndi kamunda kamodzi ndi ana asanu. Adzalandira mbewu yanu ndi manja awiri, akuwomba m'manja kukuthokozani.

Sindikubisirani, ndinalemba zomwe ndinaona, ndipo abwana asayina kale. Alangizi afika kwanuko Lolemba ndi zotsatira. Ndinawachonderera kuti afulumire, akuti galimoto ili kugalaja. Tsono amayi anga andinong'oneza pafoni kuti mwalengeza kale zogawa mbewuyo Loweruka, poti mitambo yayamba kuda ndipo anthu akukufunsani panjira. Ndiye kuti palibe wina angaletse zimenezi koma inu nokha.

Ndagwada, Bambo. Mapirawo sanaonongeke, mukagayitse, adyedwe. Matumba okhawo muwotche, ndipo m'shedimo musesemo, zinyalala zake zipsere pamoto womwewo. Akalabu adzang'ung'udza, ena adzaseka, ndikudziwa anthu akwathu pakamwa. Koma manyazi sapha munthu. Munkatiuza nokha kuti safunsa anadya phula, ndipo inu munafunsa potumiza kathumba kaja. Yankho lake ndi lowawa, koma ndi lomweli.

Loweruka ndikwera basi yoyamba. Ndikakupezani mwatsekera matumbawo, ndidzaima pambali panu pouza anthu, manyaziwo tidzagawana. Ndikakupezani mwawatulutsa pabwalo, ndidzatsegula pakamwa pamaso pa onse, inu muli pomwepo. Ndikuopa, Bambo. Chibadwire sindinakutsutsenipo pagulu, ndipo sindikudziwa ngati mawu adzatuluke. Koma ndidzayankhula. Musandifikitse pamenepo.

Mupereke moni kwa achimwene ndi alamu, ngakhale sakufuna kumva za ine. Ana muwauze kuti azakhali awo akubwera. Amayi muwauze kuti asavutike kundiyalira mphasa mpaka inu mutanena ngati ndilowe m'nyumba.

Ndine mwana wanu, ngakhale Loweruka likadutsa,

Mzime wanu