Sindinakomoke, Ndinangokhala Pansi

Lachiwiri

Malita 07:12
ababa mwati mtima watani? network inali bad sindinamve

Langton 07:40
Ukudumpha.

Malita 07:41
ndi maganizo amenewo. month ino ndi imene amayi anatisiya, nanenso sindikugona bwino. khazikani mtima pansi

Langton 08:15
Sindikunena za mayi ako. Ndikunena mtima weniweni wa m'chifuwa. Umagunda, kuima, kenako kugunda kamodzi mwamphamvu.

Malita 08:16
kuyambira liti

Langton 08:30
Nthawi yokumba mtedza.

Malita 08:31
miyezi itatu muli chete? mawa mupite ku chipatala ku Thambani pls

Lachitatu

Langton 13:05
Ndapita.

Malita 13:06
ndiye ati chani

Langton 13:22
Anandigwira pamkono, kuyeza BP. Ati anthu ambiri mtima umatero, si nthawi zonse ndi matenda. Ndichepetse tiyi ndi fodya.

Malita 13:23
basi? mankhwala?

Langton 13:41
Ati safunika. Pokhapokha ngati ndikubanika, chifuwa kuwawa, chizungulire, mapazi kutupa kapena kukomoka. Zikatero ndiye ku Boma, akaunike mtima ndi makina.

Malita 13:42
ECG imeneyo. inu munayankha chani

Langton 13:50
Ndinati zonsezo ayi.

Malita 13:50
ok thank God

Lachisanu

Malita 10:20
ababa ndalankhula ndi aneba anu a Gisela. akuti last wk anakupezani muli gone pansi pa mtengo wa manachesi, dengu litagubuduzika, mbuzi zikudya. ati anakuitanani katatu osayankha

Malita 10:48
ababa

[Malita waimba, sanayankhe 11:03]

Langton 12:02
Mayi ameneyo pakamwa.

Malita 12:02
munakomoka

Langton 12:10
Sindinakomoke. Ndinangokhala pansi.

Malita 12:11
mukukumbuka mukukhala pansipo?

Langton 12:29
Ayi. Ndinali pamakwerero. Kenako ndinali pansi, mthunzi utasuntha.

Malita 12:30
kukomokako ndi kumeneko. bwanji simunawauze adokotala

Langton 12:44
Kukomoka ndi kwa pamaliro, munthu kulira mpaka kumuthira madzi. Ine sindinalire. Palibe anandithira madzi.

Malita 12:51
[uthenga wa mawu 1:36]

Langton 13:15
Ndamva. Usalire pantchito.

Malita 13:40
ndafunsa nurse wina timapemphera naye kuno ku Limbe. ati kudumpha kokha mwina si vuto, koma mtima ukafika pogwetsa munthu sadikira ngakhale tsiku. ndawauza a Venancio a kabaza aja abwere ndi njinga yamoto akutengeni mupite ku Boma lero

Langton 15:08
Anabwera. Ndawabweza.

Malita 15:08
chifukwa??

Langton 15:20
Manachesi akugwa. Ogula abwera Lolemba.

Malita 15:21
manachesi ababa? serious?

Langton 16:02
Mayi ako ndinapita nawo ku Boma pa njinga yomweyo. Ndinabwerako ndi chitenje chawo m'jumbo.

Malita 16:19
ndikudziwa ababa. ndinalipo

Malita 16:33
abwana andikaniza off mpaka Sunday. ndibwera ndi minibus yoyamba, Monday tipitire limodzi. simulowa nokha. koma mpaka ndifike musakwere makwerero. lonjezani

Langton 17:10
Ubwere ndi mabatire a wailesi.

Malita 17:11
sindinafunse zimenezo

Loweruka

Malita 06:30
mwadzuka bwanji

Langton 06:52
Ndadzuka. Usiku unadumpha kwambiri. Pano wakhala bwino.

Malita 06:53
khalani pakhomo lero

Langton 07:04
Yatsala mitengo iwiri.

Malita 07:04
ababa chonde. thyolani a m'munsi okha

Malita 08:40
mwatsika?

[Malita waimba, sanayankhe 09:15]

[Malita waimba, sanayankhe 09:17]

Malita 09:58
a Gisela ali ku msika ku Thambani, ati abwerera madzulo. a Venancio foni ili off

Malita 10:31
sindikukalipirani. ingolembani ngakhale chilembo chimodzi

[Malita waimba, sanayankhe 11:06]

Malita 11:52
ndatuluka ku ntchito osatsanzika. ndili mu minibus ya ku Mwanza

Malita 12:20
sinyamuka mpaka idzaze. tilimo anthu anayi