Womutulutsa Akhale Yemwe Anamugoneketsa

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kukusowetsani mtendere. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Ndiyambe ndi funso. Kodi anakhazikitsa ndani lamulo loti wodwala maganizo akachira, womutulutsa m'chipatala akhale yekhayo amene anamugoneketsa? Anamwino amalitsata, mabwana anga amalitsata, inunso munalivomera pamene munati nkhani ya achemwali ili m'manja mwa amuna awo. Nanga wogoneketsayo akakwatira wina n'kuiwala njira ya kuchipatala?

Mukudziwa kuti ndikugwira ntchito ku unduna, mu ofesi yoyang'anira chisamaliro cha odwala maganizo m'dziko lonse. Dzina ndi lalikulu, koma ndi kachipinda ka matebulo atatu, ketulo ndi zenera losatseguka. Ndinalowamo ndi digiri yanga ndikuyesa kuti chaka chisanathe ndikhala nditasintha zinthu. Ntchito imene anandipatsa ndi kulemba zokambirana ndi kugawa madzi pamisonkhano.

Komiti inagwirizana kalekale kuti lamulolo lisinthidwe. Koma a zaumoyo akuti ndi nkhani ya a zosamalira anthu, a zosamalira anthu akuti ayambe aona a zamalamulo, a zamalamulo akuti palibe anawauza. Nditafunsa pamsonkhano kuti tsono mwini nkhaniyi ndi ndani, bwana anaseka n'kunena kuti kuthamanga si kufika. Kuyambira pamenepo ofesi yonse imanditcha Kamphepo.

Sabata yapitayo tinakayendera chipatala chimene kuli achemwali. Kanali koyamba kulowako, poti paja alamu anatiuza kuti akaona abale matenda amayambiranso. Ndinawapeza pakhonde la wodi ya amayi akuluka kachipewa ka khanda. Anayamba ndi iwo kundizindikira, n'kundifunsa ngati ndidakadyabe mothamanga ngati wakuba. Namwino wamkulu anandiuza kuti anachira kalekale, mankhwala amamwa okha osawakumbutsa, ndipo ndi iwo amene amathandiza kusambitsa anzawo. Tizipewa timene amaluka amatipereka kwa amayi obereka kumene. Alamu anaimbiridwa foni mpaka nambala inasiya kugwira.

Kenako achemwali anafunsa za mwana wawo, ngati mano anamera osamuvuta. Amayi, ndinakanika kuwauza kuti mdzukulu wanuyo mano amenewo anayamba kale kuguluka, ndipo kusukulu amapita yekha.

Ndinapempha bwana kuti alowererepo. Anati ofesi yathu imaona ndondomeko, siona munthu mmodzi, ndiye ndidikire komiti. Sindinadikire. Ndinapita kugalaja kwa alamu n'kukhala pa tayala pakhomo penipeni, eni magalimoto akundiyang'ana, mpaka alamuwo anatopa nane. Tinapita limodzi kuchipatala. Anasaina manja ali mafuta okhaokha, osasuzumira n'komwe mu wodi, n'kunena kuti tisadzawafunenso.

Ndinkayesa ndapambana. Koma titafika pageti, achemwali anaima, chikwama chili m'manja, n'kufunsa ngati mwandituma ndinu kapena ndadzituma ndekha. Ndinanena zoona. Anati sangalowe pakhomo pamene sanaitanidwe, ndipo safuna kuti anthu azibisa mipeni iwo akamadutsa. Sanalire ayi. Anandikonza kolala ya bulauzi ngati mmene ankachitira ndikamapita kusukulu, n'kubwerera pa bedi lawo. Amene analira ndine, mlonda akundipempha kuti ndisunthe atseke geti.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mudzawatenge nokha. Ndikudziwa kuti munaopa, tonse tinaopa tsiku lija anathawa ndi khanda mvula ikugwa. Koma aja anali matenda, ndipo munthu amene ndamuona ine ndi mwana wanu yemwe uja wokonda kunyoza tiyi wa anthu ena. Mubwere ndi mdzukulu wanu, ndipo m'njira mumuuze kuti mayi ake sali kuntchito yakutali monga takhala tikumuuzira. Dokotala akuti zimene asaina alamu zitha mphamvu mwezi uno ukatha. Zikatero padzafunikanso dzanja lawo, ndipo sadzaliperekanso. Komiti yathu ija ndiye idzawapeza achemwali atamera imvi.

Mundiperekere moni kwa atate aang'ono, azakhali, achimwene ndi akazi awo. Azakhali muwauze nkhaniyi nokha, asaimve kwa ena. Kamwanako mukapsompsone m'malo mwanga.

Dzulo nditaweruka ndinabwereranso kuchipatala. Ndinawauza achemwali kuti mukubwera, ngakhale inu simunandiyankhe. Mundikhululukire, koma musandisandutse wabodza. Achemwali anayamba kumasula kachipewa kaja n'kundifunsa kuti mutu wa mwana wawo wafika pati tsopano. Ndinawaonetsa ndi manja. Anati ulusi umenewo sukwana, choncho m'mawa uno ndisanalowe mu ofesi ndadzera kusitolo, ndawagulira wina.

Ndine mwana wanu womaliza,
amene kuno akumutcha Kamphepo