Shuga Wopserera

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji? Ndine Eliza wanu. Ndikulemba ndili pa thebulo lanu la ku Chilenje, lija la mwendo umodzi waufupi.

Ndiyambe ndi zakale. Mukukumbukira tsiku la Ufulu lija ndili wamng'ono, titabwerako koguba ndi timbendera tapepala? Munandikhazika pafupi ndi mbaula, n'kuthira shuga m'kachiwaya kopanda madzi ngakhale dontho. Ine ndinkaganiza kuti mwaiwala. Shugayo anayamba kusungunuka m'mbali, n'kusanduka wofiirira, fungo n'kudzaza nyumba yonse. Ndinatola supuni kuti ndikuthandizeni, inu n'kundimenya kadzanja. "Shuga satakasa, Eliza. Ukamutakasa amakwiya." Kenaka munathiramo khofi wotentha, mkaka, ndi kaburande ka m'botolo lija linkabisala kuseri kwa mbale za alendo. Munati munaonera kwa wophika wa ku Kabulonga, muja munkalera ana a azungu. Atate ankamwa zimenezi pa Ufulu ndi pa Khirisimasi basi, ndipo nthawi zonse ankatsinzina, n'kunena kuti, "Amake Eliza, apa ndiye tadzilamula."

Nkhani za kuno ndi izi. Mango anu abereka mpaka nthambi ina yathyoka. Mlongo wanga Gilbert anamusamutsira ku Ndola, ndipo akuti wanenepa, koma ine sindikhulupirira mpaka ndimuone. Kachimanga kamene ndinabzala kuseri kwa nyumba yathu ku Kabwata kanachita bwino, ngakhale ana a pafupi anandithandiza kukolola kasanakhwime. Kusukulu ndikuphunzitsabe mbiri yakale, ndipo ndimakayikabe ngati ana amandimva kapena amangondimvera chisoni. Shuga, sopo ndi mafuta ophikira zikusowa monga munazisiyira. Tikaona mzere m'tauni timayamba taima, n'kufunsa pambuyo kuti akugulitsa chiyani.

Koma nkhani yaikulu ndi yakuti muli ndi mdzukulu wamkazi. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akakwiya amakunga kamwa ngati inu.

Mukudziwa kuti tinapangana ndi amuna anga, a Mwila, kuti mwana woyamba adzatchulidwa dzina ndi atate. Inu munalipo, munaombera m'manja. Koma chiikireni maliro anu atate sanalinso atate. Ankangokhala pakhonde, wailesi ili chete, nyuzipepala ili pamwendo osaitsegula. Mchombo wa mwana unagwa, tinatumiza uthenga, iwo anangoti, "Ndamva." A Mwila anapita okha kukawatenga, koma atate anawayankha kuti miyendo ikuwawa. Masabata anapita mwana tikungomuitana kuti bebi.

Apongozi anga anabwera kuchokera ku Kasama kudzandithandiza. Ndi munthu wabwino, Amayi, musamuganizire zoipa. Anapirira, koma tsiku lina akusambitsa mwana anati, "Mayo, mwana alibe zina ni mulendo. Mulendo ngati simumuitana, amabwelela kwamene anachoka." Ananena mofatsa, koma ine mawuwo anandilowa m'mafupa. Mwana akangotsokomola ndinkathamangira kukamuyang'ana. Anawonjezera kuti ubatizo usanafike, ngati atate akhalabe chete, a kwawo atchula dzina. Sindikanawatsutsa. Koma ndinkadziwa kuti zikatero atate sadzadzukanso pakhonde paja, chifukwa adzaona kuti ngakhale ife tasiya kuwadikira.

Inu mukanangopita n'kuwauza kuti, "Nyamukani, bambo inu, nsapato zanu izi." Ine pakamwa potero ndilibe. Ndinaphunzira mpaka ku yunivesite, koma pamaso pa atate mawu amandithawa. Ndiye ndinaganiza za khofi uja.

Apongozi anali atabweretsa khofi wa kwawo, wokazinga okha, wosinja mu mtondo. A Mwila anapeza kaburande kwa mnzawo wa ku ofesi, sindinafunse kuti anapeza bwanji. Shuga ndinaimira pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anyamata a chipani akutikankha kuti tiwongole mzere, mkaka ukundidontha m'bulauzi. Kachitidwe kake ndinali nditaiwala, choncho ndinatsata magazini ina yakale ya kusukulu. Mmenemo shuga wowotcha uja amamutcha kalamelo, ndipo amati chakumwacho chikhale chozizira, cha mu tambula, ndi madzi oundana.

Ulendo woyamba ndinatakasa. Shuga anakwiyadi, anagwirana timiyala. A Mwila anasuzumira m'chiwaya n'kunena kuti, "Ba Eliza, iyi ni khofi olo mufuna kumanga nyumba?" Ndinaseka, koma misozi inali pafupi, poti shuga wa masiku ano satayidwa. Ulendo wachiwiri ndinaika supuni kutali, manja kumbuyo. Ndinangopendeketsa chiwaya pang'onopang'ono mpaka shuga anafanana ndi uchi, n'kuchotsa pamoto msanga. Ndinathira madzi otentha pang'ono, ndili chapatali chifukwa amalavula, kenaka kamchere. Khofi ndinamuwiritsa wamphamvu, n'kumusefa pa kansalu. A Mwila analawa, n'kunena kuti, "Iyi ingaukise na munthu wakufa." Atazindikira zimene anena anagwira pakamwa. Ndinawauza kuti inu mukanaseka koposa tonse.

Loweruka masana tinakwera minibasi ya ku Chilenje, mwana kumsana, mabotolo m'basiketi, madzi oundana titawakulunga m'nyuzipepala. Atate tinawapeza pomwe paja. Anatilonjera bwinobwino ngati alendo a kutchalitchi, koma mwana sanamuyang'ane. Ndinalowa m'khitchini mwanu, ndinasakaniza zonse mu tambula monga magazini inanenera, mkaka pamwamba, n'kukagwada pafupi nawo. Analawa kamodzi. "Zikomo, mama. Ndi wabwino." Anaika tambula pansi pa mpando, n'kuyang'ananso kumsewu.

Amayi, ndinachita manyazi. Ndinadziona kupusa kwanga konse, mayi wamkulu kuganiza kuti chisoni cha munthu chingasungunuke ngati shuga. Madzi oundana ankangosungunuka mu tambula. A Mwila, poti sapirira chete, ananong'ona kuti, "Kapena ba tata bafuna yakupya. Bakulu sibakonda vozizila."

Ndinabwerera m'khitchini kuti ndingobisa nkhope. Shuga wotsala ndinali nditabwera naye kuti ndiwasiyire atate. Ndinakoleza mbaula yanu, ndinapeza kachiwaya kanu pa msomali pomwe munakasiya, ndinathira shuga. Atangoyamba kufiira, mwana analira kumsana. Ndinamutsitsa, n'kuyamba kumuyamwitsa ndili chiimire, ndikumulankhula zopanda mutu, kumuuza kuti apa ndi pa ambuye ake, kuti chikho icho n'chawo, kuti asalire poti dzina likubwera. Pamene ndinkatembenuka, shuga anali atada ngati dothi la kudambo, kautsi kakukwera. Ndinathira madzi msanga, chiwaya chinalira, fungo lowawira linatuluka pa zenera.

Ndinanyamula chiwaya kuti ndikataye kuseri. Pakhomo la khitchini ndinakumana ndi atate, ataima, opanda ndodo.

"Ukupita nacho kuti?"

Ndinati ndapsereza.

"Bwezera pamoto. Thira khofi. Kapu yanga ili m'mwambamo."

Ndinachita monga ananenera. Kaburande anathira okha. Anamwa ataimirira, anatsinzina, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali moti ndinaopa. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinkayesa akulira, koma ankaseka, misozi ikutsika ndithu.

"Ndi ameneyu," anatero. "Amako sanaphikepo khofi uyu osapsereza. Shuga ali pamoto, iwo ali pa zenera kukamba nkhani ndi amake Joyce a nyumba yapafupiyi. Zaka zonsezi ndamwa zowawa."

Ndinafunsa chifukwa chake sanakuuzeni.

"Ndikanawauza akanasiya nkhani n'kumayang'ana chiwaya. Ine nkhanizo ndinkazimvera pakhonde."

Amayi, kodi munkadziwa? Ine ndikuganiza kuti munkadziwa, ndipo nonse awiri munangogwirizana osauzana.

Anakhala pa kampando kanu, n'kutambasula manja. Ndinawapatsa mwana. Anamuyang'ana chipumi, anamugwira kaphazi, mwana n'kuwagwira chala. A Mwila anali atagwada panja pa khomo, poti mkamwini salowa m'khitchini mwa apongozi. Atate anaviika chala m'madzi a mu mtsuko, n'kumudontheza mwana pachipumi ngati mmene ankatichitira tikamapita ku mayeso, ndipo anati, "Malita. Wafika, Malita."

Ndakula m'nyumba muno, koma dzina lanu sindinalimvepo likutuluka m'kamwa mwawo. Munali amake Eliza basi. Analitchula pang'onopang'ono, ngati munthu amene akutsegula sutikesi ya zovala za ukwati. A Mwila anaomba m'manja panjapo, n'kumulandira m'chinenero cha kwawo kuti, "Mwaiseni, ba Malita." Titafika ku Kabwata apongozi analuluta mpaka a nyumba yoyandikana anabwera kudzafunsa ngati kwapezeka mafuta ophikira.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Masiku ena atate amabwereranso pakhonde paja, ndipo shati zawo zikadali zazikulu. Koma ku ubatizo anabwera atavala jekete, ndipo anakangana ndi apongozi anga za kanyamulidwe ka mwana, aliyense m'chinenero chake. Wailesi yayambanso kulankhula. Dzulo anandituma mabatire, ngati kuti mabatire amapezeka. Anenanso kuti sadikira Khirisimasi, khofi wawo azimwa tikangopeza shuga, ndipo ndisamayerekeze kumuphika bwino.

Malita akakula ndidzamukhazika pafupi ndi mbaula, ndidzamumenya kadzanja akatola supuni, ndipo ndidzamuuza kuti dzina lake analitenga kwa yani. Akadzapsereza sindidzamukalipira. Limeneli ndi lonjezo langa kwa inu.

Ndilekere pano. Atate aima pakhomo ndi khasu, akupita ku Chunga kukalambula pamanda panu mvula isanayambe, ndipo akuti minibasi sidikira anthu a ku yunivesite. Ndawapempha kuti akusiyireni mapepalawa pansi pa mwala wa kumutu. Akuti sawerenga, koma magalasi ndawaona ali m'thumba la jekete. Ndikupinda tsopano, ndiwapatse.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,

Eliza, amene tsopano akutchedwa amake Malita