Malo Amodzi M'manda a Horace

Lachisanu, 5 Disembala 1952
Lemba, Dulcie mpongozi wanga, sindinakupatse mwana wanga kuti uzingondiyang'ana. Chifunga chagwa mu London, chachikasu, chonunkha mazira oola. Pa wailesi akuchitcha simogi, eti utsi wa malasha wakwatirana ndi nkhungu. Ife kale tinkangoti msuzi wa nsawawa. Dzina latsopano, chifuwa chomwechija.

Loweruka, 6 Disembala
Mlamu wanga Queenie, mlongo wa malemu amuna anga a Horace, akutsokomola m'chipinda chapamwamba ngati galu wameza fupa. Akusangalalatu. M'manda a banja mwatsala malo a munthu mmodzi, pamwamba pa a Horace. Woyamba kufa ndiye alowa. Wandikuwira pamasitepe kuti, "Maud, ndikakuperekera moni kwa achimwene." Ine ndati, "Uyambe watsuka khosilo, mfiti iwe."

Lamulungu, 7 Disembala
Mapazi anga omwe sindikuwaona. Ndakwera chokwawa, ndatseka ming'alu ya zenera lake ndi nsanza zonyowa, ndamumwetsa msuzi ndi supuni. Akalavula, ndimuthira wina. Aneba akuti ndili ndi mtima wa mngelo. Zaka makumi anayi ndinachapa malaya a munthu uja, ndiye pa iye pakagone Queenie? Achira, afune asafune.

Lolemba, 8 Disembala
Akuti mabokosi atha kwa okonza maliro, maluwanso atha. Ndalavula zakuda. Ndamuonetsa Queenie pa kansalu kuti aone amene ali patsogolo. Iye amangoyang'ana kuzenera.

Lachiwiri, 9 Disembala
Mphepo yabwera, chifunga chapita. Queenie tamupeza m'mawa atafa pampando, zenera lili yasa, nsanza zanga atazipinda bwinobwino patebulo. Nkhope bii ndi mwaye, mano panja. Dulcie akuti ndi mmene amaumira akufa. Ine ndikuti kumeneko n'kuseka.

Mwana wanga Cyril wati amuika pa a Horace bokosi likapezeka. Ndamufunsa, "Nanga ine?" Iye akumanga nsapato, osadzutsa mutu, "Masiku ano mitembo amaotcha, mayi. Sizichedwa."

Ndiye akuti womusambitsa ndine, popeza wamkazi wamkulu pabanja ndatsala ndekha. Ika pensuloyo pansi, Dulcie, ukatunge madzi. Usawatenthetse.